Zomwe ndapeza za Midtown Plaza ya ku Rochester

Paja ndinafunsa kuti Midtown Plaza, msika waukulu wa masitolo wa ku Rochester, m'chigawo cha New York ku America, inathera kuti. Yankho ndalipeza.

Inatsegulidwa mu 1962. Anajambula pulani yake ndi Victor Gruen, yemwe uja anajambulanso msika wa masitolo wa Southdale Center wa ku Minnesota wa mu 1956. Masitolo onse anali pansi pa denga limodzi pakatikati pa mzinda, magalimoto n'kumaimikidwa pansi pa nthaka. Anthu atasamukira kunja kwa mzinda, malonda anawatsatira. Masitolo akuluakulu a McCurdy's ndi B. Forman anatseka mu 1994, msika wonse unatsekedwa mu 2008, ndipo anayamba kuugwetsa mu 2010.

Nsanja yake inapulumuka, pano ndi Tower280 ndipo mukukhala anthu. Pamalo otchedwa Parcel 5, omwe ndi gawo la pomwe panali msikawo, mapulani akhala akubwera n'kumapita. Ineyo ndikuona kuti kumangapo masitolo ena n'kungotaya ndalama.