Zosema ndi mbiya pa chionetsero cha kumudzi, ndigulitse bwanji?

wa_Bembeke:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwezi wamawa kwathu kuno kuli chionetsero cha ntchito zamanja pa bwalo la sukulu, amfumu alengeza kale. Ine ndimasema timagalimoto, njovu ndi mipando ija amati ya mfumu, mayi anga amaumba mbiya ndi miphika. Aka nkoyamba, ndinazolowera kungoyala katundu mmbali mwa msewu wa Golomoti kudikira azungu otsetserekera kunyanja. Mitengo ndiyike bwanji poti kumudzi ndalama ndiyosowa? Komanso mbiyazo ndinyamule bwanji, chaka chatha zinayi zinandiswekera pa kabaza mayi sanandiyankhule masiku awiri kkkk

Nangozo:
Achimwene choyamba iwalani za azungu. Ine ndimaluka madengu ndipo chaka ndi chaka ndimapita nawo ku Umhlangano, mwambo wa Angoni a Maseko, kwa Nkolimbo ku Ntcheu, anthu amadzadza koma ogula ndi ife tomwe, aphunzitsi, anamwino, azimayi a kumpingo ndi abale ochokera ku Lilongwe ofuna kamphatso kobwerera nako. Njovu yaikulu aliyense aigwira, aijambula pa foni, nkunena kuti eee luso ilipo, basi wapita. Semani mithiko, zipande, timitondo totibulira tsabola, zinthu zoti mzimayi akafika nazo kunyumba abambo asafunse kuti ndalama yapita kuti. Njovuyo tengani imodzi yokha ikhale yoitanira anthu. Miphika ya mayiyo muona nokha, itha zanuzo zisanayambe kuyenda, nyemba za mu mphika wadothi sizifanana ndi za mu poto aliyense amadziwa.

Mmisiri_wa_Mtakataka:
Mwana wanga, ine tsopano maso akuvuta koma ndasema zaka zambiri kufupi ndi Mua. Kungoni ija, malo a zaluso ndi chikhalidwe pa Mishoni ya Mua, wansembe Bambo Boucher anaiyambitsa mu 1976, ndipo ukapita kukaona zosema za pamenepo uona kuti chilichonse chili ndi nkhani yake, mayi wosinja, anamwali, ingoma ya Angoni. Munthu akaima pa katundu wako umuuze ndi mtengo wanji, mlombwa kapena mbawa, ndi masiku amene wasema, akamva zimenezo manyazi amamugwira ponenerera. Usapupulume kusema mtengo wauwisi chifukwa cha chionetserochi, ukamauma umang'aluka ndipo wogulayo ndi wa mudzi woyandikana nawo, adzakupeza pa maliro nkukukumbutsa. Sandipepa usaumire, kenako polishi wa nsapato ndi kansanza.

China. Za gule usapite nazo. Zigoba mzungu amagula inde, koma kuziyala pa bwalo la mudzi wa Achewa ana ndi osameta akuona, akuluakulu a kudambwe sakusiya, ulipa mbuzi kapena nkhuku zingapo phindu lonse nkuthera pomwepo.

Venda_wa_paLizulu:
Aise za mbiyazo nzosavuta, udzu wouma pansi pa dengu, mbiya iliyonse uikulunge ndi masamba ouma a nthochi, mkati ufutsemo makoko a chimanga, ndipo zisagundane. Kabaza ayi, bola ngolo kapena pamutu ngati ndi pafupi. Chenje upite nayo yambiri, munthu amatulutsa K5,000 pogula mthiko umodzi nde ukati ndikasinthe kaye ukapeza wapita kwa mnzako. Nambala ya Mpamba kapena Airtel Money ulembe pa katoni. Mtengo uyambire mmwamba pang'ono chifukwa Mmalawi osanenerera sagona tulo, koma osachita kuwirikiza katatu ngati za pa Golomoti, akuseka. Ndipo samala nafe mavenda, timabwera dzuwa litapendeka wayamba kuganiza zonyamulanso katundu nkukuuza kuti zonsezi ndioda, ndikudziulula ndekha kkkk

wa_Bembeke:
Zikomo nonse. Agogo a ku Mtakataka mwandipulumutsa, zigoba ziwiri ndinali nditayamba kale kupaka utoto, zikhala mnyumba. Mawa ndiyamba mithiko. Anangozo, inu dengu lapakatikati mumayambira zingati kwa Nkolimbo? Mayi akuti ndifunsenso ngati pa malo oyalapo katundu amalipiritsa tikiti ngati kumsika.