Hotela yabwino pafupi ndi ma theatre ku London, ndani akudziwa?

Bambo a Tadala:
Abale ndithandizeni, mwezi wamawa tikukwanitsa zaka 10 tili m'banja ndiye ndikufuna ndiwatengere mayi akunyumba ku London tikaonere sewero ku West End, dera la ma theatre ambiri, tigone usiku umodzi mu hotela yaing'ono koma yapamwamba, osati zimahotela zikuluzikulu zija ayi. Bola tikatuluka m'sewero tiziyenda wapansi.

Nachisale:
Achimwene yesani Covent Garden Hotel pa Monmouth Street, ku Seven Dials. Zipinda zilipo 58 zokha, chilichonse anachikongoletsa mwa mtundu wake Kit Kemp, nsalu zake zamitundumitundu, mayi akakondwa ndithu. Ife tinagonako chaka chatha, Cambridge Theatre ili pompo, tinangoyenda pang'ono kwafika. Mtengo ndiwokwera zedi koma usiku umodzi pa tsiku ngati limeneli ndalama yake siipweteka.

Mjomba Phiri:
Ine ndimakonda Haymarket Hotel, eni ake ndi kampani ya Firmdale, omwenso ndi eni a Covent Garden Hotel, yagundizana ndi Theatre Royal Haymarket ndipo pansi pali swimming pool. Masewero ambiri amayamba 7:30 madzulo ndiye idyani msanga. Matikiti otsikirako mtengo a tsiku lomwelo amagulitsa pa kanyumba ka matikiti kotchedwa TKTS ku Leicester Square.

Nachisale:
Chinanso, mukakhala ndi zikwama tsikani sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya Leicester Square, siteshoni ya Covent Garden ma lift amadzaza ndipo masitepe ake ndi 193.

Bambo a Tadala:
Zikomo kwambiri achemwali, ndibukitsa ya ku Seven Dials usiku uno.