Antchito akuithawa pulogalamu yopemphera tchuthi, ndiwafunse bwanji kuti andiuze zoona?

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu oona za antchito ndi inu opanga mapulogalamu a pa foni. Ine ndili ku Ulongwe, ku Angónia, m'dziko la Mozambique, mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina yogula chimanga, soya ndi nyemba. Dzina lake sinditchula. Madepoti athu ali ku Domué, ku Tsangano ndi ku Furancungo.

Chaka chatha mabwana anatibweretsera pulogalamu yoti aliyense azipempha tchuthi, ija kuno timati feriya, pa foni m'malo mwa pepala. Ine ndinali woyamba kuomba m'manja. Pepala limatha masabata awiri lili m'thumba la dalaivala, pena nkufika litanyowa ndi dizilo. Komanso lamulo latsopano la ntchito, Lei 13/2023, litayamba kugwira mu Febuluwale 2024, masiku a tchuthi anasintha: 12 chaka choyamba, 30 kuyambira chaka chachiwiri, 90 kwa mayi amene wachira m'malo mwa 60 akale aja, ndi 7 kwa bambo mwana akabadwa. Kuwerengera zonsezi pamanja kumatidya nthawi.

Koma anthu sakuikhudza. Amabwerabe pakhomo pa ofesi, chipewa chili m'manja, "Mayi, mundidinire ndinu." Ndimatenga foni yawo nkuwadinira. A kutali amangouza kapitawo pakamwa ngati kale.

Chimene chandisowetsa tulo ndi nkhani ya mlonda wathu wina wa ku Domué, bambo wachikulire, wosachedwa pa ntchito. Bambo ake aang'ono anamwalira kutsidya, ku Dedza, ndipo ndi amene anamulera kuyambira ali mwana. Mwana wa mlondayo anamuthandiza kutsegula pulogalamuyo usiku. Pofika pamene yalemba m'Chipwitikizi kuti grau de parentesco, kufunsa ubale wake ndi womwalirayo, anasankha pai, ndiye kuti bambo. Pempho linakanidwa, ati m'kaundula mukuoneka kuti bambo ake anamwalira kalekale. Iye anali atanyamuka kale m'bandakucha kulowera ku Calómuè, pa chipata cha malire ndi Malawi, kukana kuja sanakuone. Pobwera anapeza amudula malipiro, ndipo ena mu ofesi akumunena kuti wapha bambo ake kawiri. Anaima pamaso panga milomo ikunjenjemera, nkungoti, "Mayi, ine ndiname pa maliro?"

Sananame. Kwathu kuno mng'ono wa bambo ako ndi bambo ako, mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako. Ukamuuza munthu kuti tio, lomwe m'Chipwitikizi limatchula m'bale aliyense wamwamuna wa bambo kapena wa mayi, iye amaganiza za malume. Lamulo limapereka masiku a maliro motengera ubale, ndipo pai ndi tio sawapatsa masiku ofanana, izo ndikudziwa ndipo sindingazisinthe. Koma pulogalamu ikanamufunsa m'Chinyanja kuti, "Ndi bambo okuberekani kapena bambo aang'ono?" akanayankha bwinobwino, nkupatsidwa masiku ake, ena nkuchotsa pa feriya yake. Malipirowo tinamubwezera, koma manyazi aja sanachoke.

Zina ndaziona ndekha powadinira. Zonse zili m'Chipwitikizi, masamba asanu ndi limodzi musanafike potumiza. Imafuna chithunzi cha chikalata, pomwe maliro a kumudzi munthu amabwera ndi kalata ya amfumu patapita masiku. Ukatumiza imangoti pendente, kutanthauza kuti pempho likudikira yankho, ndiye munthu sadziwa kuti anyamuke kapena adikire. Netiweki ikadukira pakati umayambiranso poyamba.

Tsopano mabwana avomera kuti ikonzedwenso, ndipo mnyamata amene anaipanga, wa ku Tete, wati asanakhudze chilichonse akufuna amve kwa eni ake. Andipatsa mwezi umodzi. Apa mpamene ndakodwa. Ndinagawa mapepala a mafunso, onse anabwera ndi yankho limodzi: zili bwino. Ndikumvetsa, poti ine ndi amene ndimakonza malipiro awo, ndani angandiuze kuti chinthu cha mabwana nchoipa? Mayi wina wosankha nyemba ndi amene anandimasukira tikudya nsima pansi pa mtengo. Anati amaopa kuti akadina polakwika dzina lake lifufutika pa ntchito, ndiponso foni yaikulu ndi ya amuna ake, amapita nayo kumsika. Mawu amenewa pa pepala lija sanalembe.

Ndiye ndithandizeni. Amene munachitapo zotere, munatuma munthu wakunja kuti akafunse, kapena munapita nokha nkukakhala nawo ku depoti? Ndikuganiza zongomupatsa munthu foni nkumuuza kuti, "Tayerekezani kuti mwana wadwala mawa, pemphani tsiku limodzi," ine nkukhala chete kuona pamene wakakamira, koma ndikuopa kuti aziona ngati mayeso. Ndiyambe ndi anthu angati, ndipo akapitawo akhalepo kapena ayi? Mtima wanga ukuti asakhalepo.

Funso lina ndi la inu akatswiri. Anthu omwewa, ngakhale a kafoni ka mabatani, amatumiza ndalama pa M-Pesa ndi *150# kapena pa e-Mola ndi *898# popanda wowathandiza. Kodi kupempha tchuthi sikungayende chomwecho, yankho nkubwera pa SMS kuti "mwaloledwa, mubwere Lachinayi"? Kwa kampani yaing'ono ngati yathu zimenezi zimatheka, kapena nzodula kwambiri?

Kuwonjezera: zikomo amene mwayankha kale. Achimwene amene mwati tingowaphunzitsa, tinaphunzitsa kawiri, tinagulanso zakumwa, patatha sabata anabwereranso pakhomo panga. Amene mwati tiike mawu ojambula m'Chinyanja kwa osadziwa kuwerenga, zimenezo sindinaziganizepo, ndamutumizira kale mnyamata uja. Achemwali a ku Moatize amene mwati kwanu munatuma mwana wa sukulu yaukachenjede kukacheza ndi antchito, chonde ndiuzeni kuti munamudziwitsa bwanji kwa anthuwo kuti asamuone ngati kazitape wa ofesi. Loweruka ndikupita ku Domué, ndipo ndikufuna kuyamba ndi mlonda uja ngati angalole.