Ozimitsa moto ongodzipereka, ndalama amazitenga kuti?

Chidwi88:
Abale ndithandizeni, mdera lathu achinyamata akufuna kuyambitsa gulu la mavolontiya ozimitsa moto koma ine chikundizunguza mutu ndi ndalama. Salipidwa inde, nanga galimoto, mafuta, mapaipi, zovala zosagwira moto zija agula ndani?

MkuluWaKale:
Zimatheka ndithu. Ku Chile ozimitsa moto onse ndi ongodzipereka, gulu loyamba linayamba ku Valparaíso mu 1851, boma limaikapo gawo lake, zina amatolera kwa anthu ndipo eni akewo amasonkhanso mthumba mwawo. Ku Germany khonsolo ndiyo imagula zipangizo, anthu amangopereka nthawi ndi mphamvu. Ndiye osaisiya khonsolo pambali, moto ndi udindo wawonso.

Nyenyezi_x:
Langa ndi limodzi, musathamangire galimoto. Imadya ndalama ngakhale itangoima, matayala, batire, sevisi, ndiye mupeza mwagula chinthu chongokongoletsa bwalo tsiku la moto osalira nkomwe. Yambani ndi maphunziro, ma extinguisher (timathanki tozimitsira moto tonyamula pamanja), magolovesi, zipewa komanso kudziwa potunga madzi. Inshuwalansi osaiwala, munthu akapsa pantchito banja lake aliona ndani?

Chidwi88:
Eeh za inshuwalansizo sindinaziganizire nkomwe.

Wachikondi_7:
Ife tinasonkhapo za gulu lina ndalama zinangosowa, msungichuma ankasunga mfoni mwake, lero ukati tisonkhe anthu amangokuseka. Tsegulani akaunti kubanki osayina akhale atatu, lipoti mwezi ndi mwezi. Mukatero ngakhale amabizinesi amapereka, paja mashopu awo ndi omwe amapsa.