Ndithandizeni abale, ma plant sterol awa ndiwonjezere kapena ayi?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde mundibisire dzina, alamu anga ali pagulu pomwe pano. Ndine mayi wa zaka 52. Mwezi watha ndinakayezetsa magazi, akuti kolesterolo yakwera, papepala alemba 6.8. Adokotala anali pa changu, sanandifotokozere bwinobwino, ine n'kubwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Bambo a kunyumba m'malo mondilimbitsa mtima akungoti ndi kunenepa kumeneko, chonsecho zokazinga amaziitanitsa ndi iwo omwe. Ndiye alamu angawo amagulitsa ma supplement, andipatsa botolo la ma plant sterol pangongole, ndipo tsiku lililonse foni, mwamwa? Kukana ndikuopa kuyambitsa nkhani pabanja, paja ndi iwo anatisungira mwana ali pasukulu. Ndamwa masabata atatu tsopano, makapisozi awiri m'mawa ndisanadye kanthu. Masiku ano tulo sindikupeza, ntchafu zikuphwanya ngati ndayenda mtunda, kuntchito nako zandichulukira. Kodi zimenezi zimagwiradi ntchito? Ndiwonjezere akhale anayi kuti itsike msanga?

aPhiri: Mayi, musanawonjezere kalikonse tembenuzani botololo mutiwerengere zolembedwa kumbuyo, mzere ndi mzere. Chachiwiri, 6.8 yo ndi ya chiyani? Pepala la ku labu limakhala ndi manambala anayi: total cholesterol, LDL (kolesterolo yoipa yotseka mitsempha), HDL (yabwino) ndi triglycerides (mafuta ena a m'magazi). Ngati ndi total, ndi nkhani ina. Ngati ndi LDL, yadutsa kutali 4.9 mmol/L, pamene madokotala amayamba kuganizira za kolesterolo ya kumtundu. Imeneyo imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250 aliwonse, ndipo sitsika mokwanira ndi kapisozi wa supplement. Chachitatu, MUKUMWA MANKHWALA ENA ATI? Mwatiuza za alamu, za abambo, za kuntchito, koma ichi chokha ayi.

Nangozo: A Phiri, afunsa ngati zimagwira ntchito, tiwayankhe kaye. Achemwali, zimagwira, koma pang'ono. Ma sterol, omwe amapezeka mwachilengedwe m'zomera, amafanana kwambiri ndi kolesterolo m'kapangidwe kake. Mukadya, ndulu imatsikira m'matumbo n'kuphwanya mafuta ndi kolesterolo kukhala timadontho ting'onoting'ono timene matumbo amayamwa. Ma sterol amalanda malo m'timadontho timeneti, kolesterolo yosowa maloyo n'kutuluka ndi chimbudzi. N'chifukwa chake kumwa m'mimba mulibe kanthu ndi kutaya ndalama: ndulu sinatsike, palibe choti alimbane nacho. Amamwedwa pamodzi ndi chakudya chenicheni chokhala ndi mafuta pang'ono. Mlingo wake ndi magalamu 1.5 mpaka 2.4 patsiku, ndipo LDL imatsika ndi 7 mpaka 10 peresenti pakatha masabata awiri kapena atatu. Kupitirira magalamu 3 phindu silikweranso kwenikweni. Mukasiya, kolesterolo imabwerera pakale.

aPhiri: Eya, 10 peresenti. Tiwerengere limodzi. LDL ya 5.0 ikhala 4.5, vuto likadalipo. Statin (mankhwala a kuchipatala otsitsa kolesterolo) ya mphamvu yapakati imachotsa 30 peresenti kupita m'mwamba, yamphamvu imafika theka kapena kuposa, ndipo ma statin anayesedwa pa anthu ochuluka zedi n'kupezeka kuti amachepetsadi sitiroko ndi matenda a mtima. Ma sterol umboni umenewo alibe. Amatsitsa nambala papepala, basi. Ndipo anthu inu mudziwe kuti m'mayiko ambiri supplement siyesedwa ngati mankhwala isanafike pamsika. Ku America komweko, kuyambira ndi lamulo la 1994, bungwe la FDA loyang'anira zakudya ndi mankhwala silivomereza supplement isanayambe kugulitsidwa, limalowererapo vuto likaoneka kale.

Jere: Nonsenu mukulimbana ndi mabotolo, za mbale mwaiwala. Chakudya wamba chimapereka kale ma sterol okwana 150 mpaka 400 mg patsiku kuchokera ku mafuta a mbewu, mtedza ndi nyemba. Oats ali ndi ulusi wotchedwa beta-glucan, magalamu 3 patsiku amatsitsa LDL ndi pafupifupi 5 peresenti. Chotsani batala, mafuta a nyama ndi zokazinga m'mafuta obwerezabwereza, muikepo mafuta a mbewu osaundana. Zimenezi zilibe ngongole.

Nangozo: A Jere, 400 mg yo n'kutali ndi magalamu 2, musawasokoneze. Koma pa zamasamba ndikugwirizana nanu pa chifukwa china: ma sterol amachepetsanso kuyamwidwa kwa beta-carotene, imene thupi limaisandutsa vitamini A, ndiye wowamwa asamasowe karoti, masamba obiriwira ndi zipatso patsiku. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 5 asamwe. Palinso matenda osowa a kumtundu otchedwa sitosterolemia, thupi limayamwa ma sterol mopyola muyeso n'kumaunjikana m'mitsempha. Kwa amenewo ndi oletsedwa kotheratu.

Mai a Tadala: Ine nkhawa yanga ndi kusakaniza, anthu amaona ngati cha zitsamba chilichonse ndi ndiwo. Chitsamba cha St John's wort chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala, ndiye mapiritsi olera, warfarin woletsa magazi kuundana, ma ARV ndi statin ya simvastatin amafooka muli kumwa mokhulupirika. Calcium, iron ndi magnesium zimagwira ARV wotchedwa dolutegravir m'matumbo. Imwani dolutegravir maola 2 musanamwe zimenezi, kapena padutse maola 6 mutazimwa. Ndi levothyroxine, mankhwala a chithokomiro, siyanitsani maola 4. Makapisozi a green tea extract akafika 800 mg ya EGCG (chinthu chopezeka mu tiyiyo) patsiku amatha kuvulaza chiwindi. Biotin ya tsitsi ija imasokoneza zotsatira za ku labu za chithokomiro, muziwauza oyezawo musanapereke magazi.

aPhiri: Zoona zonsezo mayi, koma palibe wanena kuti akumwa St John's wort pano. Tisabalalike. Ine ntchafu zija ndi zimene sizikundisangalatsa. Ma sterol paokha saphwanya minofu, akavuta ndi m'mimba, kudzimbidwa kapena kutsegula pang'ono. Muli chinanso m'botolomo.

Nachisale: Inu achemwali, moyo ndi wanu kapena wa alamu? Ngongoleyo bwezani mwaulemu, muwathokoze za mwana, koma wogulitsa asamakulembereni mlingo pafoni. Iye akawonjezera kapisozi ndiye kuti botolo litha msanga.

Jere: Ntchafu zikhoza kukhala kusowa kulimbitsa thupi. Mphindi 150 pasabata za kuyenda ndawala.

Membala wobisa dzina: Pepani ndinali kuntchito. Musawanene alamu chonde, ndi munthu wabwino. Pabotolo alemba kuti makapisozi awiri ali ndi plant sterol esters 800 mg, red yeast rice 600 mg, ndi zina zing'onozing'ono sindikutha kuziwerenga. Pepala la ku labu lili m'chikwama china. Mankhwala ena ndi a BP aja basi, ndi kapiritsi kamene anandipatsa tsiku lomwelo, atorvastatin, ndimamwa usiku. Sindimadziwa kuti n'kofunika kutchula.

aPhiri: NDI CHIMENECHO. Mayi, botololo lisiyeni lero, osati mawa. Red yeast rice, mpunga wofiira wovunditsidwa ndi nkhungu, ili ndi monacolin K, ndipo monacolin K ndi lovastatin yeniyeni, statin yomweyo imene amalemba madokotala. Atorvastatin yanuyo nayonso ndi statin, ndiye kuti mukumwa ma statin awiri, wina usiku wina m'mawa, ndipo wa m'mawayo mlingo wake palibe akuudziwa chifukwa 600 mg yo ndi kulemera kwa ufa, sikukuuzani monacolin ilimo yochuluka bwanji. Botolo ndi botolo zimasiyana kwambiri, ena amapezekanso ndi citrinin, poizoni wa nkhungu amene amawononga impso. Mayiko a European Union mu 2022 anachita kulamula kuti monacolin isafike 3 mg patsiku mu supplement. Statin ikachuluka m'magazi minofu imayamba kuphwanyika, zinyalala zake n'kukatseka impso. Yang'anani mkodzo. Ngati wada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena miyendo yafooka moti kudzuka pampando kukuvuta, musamwenso ngakhale atorvastatin yo usiku uno, pitani kuchipatala pompano.

Nangozo: Apa a Phiri sinditsutsa. Ndiwonjezere za kuwerenga: mawu akuti esters akutanthauza kuti sterol yamangiriridwa ku mafuta, ndiye pa 800 mg sterol yeniyeni ndi pafupifupi 500 mg. Kuti mufike magalamu 2 mukanafunika makapisozi 8, red yeast rice n'kukwera kanayi. Botolo limeneli silingakupatseni mlingo wothandiza popanda kukuvulazani. Ma sterol osasakaniza ndi china amatha kumwedwa pamodzi ndi statin, phindu lake limawonjezekera pamwamba, koma zimenezo mukakambirane ntchafu zikapola.

Mai a Tadala: A BP wo dzina lake ndani? Amlodipine, diltiazem ndi verapamil amakweza ma statin ena m'magazi, makamaka simvastatin ndi lovastatin. Ndi manyumwa a grapefruit chimodzimodzi.

aPhiri: Ngakhale mkodzo uli bwino, mawa mukaonane ndi adokotala. Nyamulani botolo, mapaketi onse a mankhwala ndi pepala lija. Pemphani ayeze CK ya minofu, creatinine ya impso, ALT ya chiwindi ndi TSH ya chithokomiro, chifukwa chithokomiro chikafooka chimakweza LDL komanso chimapangitsa statin kuwawitsa minofu. Zopumitsa atorvastatin kapena kuchepetsa mlingo anene ndi iwo ataona CK. Kolesterolo mudzayezetsenso pakatha masabata 6 mpaka 12 mankhwala atakhazikika, ndipo ulendo uno muwafunse akulozereni ndi chala pamene palembedwa LDL.