Ndiwakope bwanji ma student kuti asankhe psychiatry?

Akuluakulu ndithandizeniko nzeru. Ndine dokotala wa matenda a maganizo (psychiatry) ndipo ndimaphunzitsanso ophunzira udokotala akabwera ku rotation yathu (nthawi yomwe amadzaphunzira ntchito ku gawo lathu). Vuto ndi loti amafika mtima atatseka kale, ukawafunsa kuti mukufuna kudzakhala ndani onse akuti surgery, ena za ana, ena za azimayi, ukangotchula psychiatry amangoyang'anizana nkumaseka. Wina anachita kundiuza pamaso kuti "adokotala kuno anthu sachira, mumangowagonetsa ndi jakisoni basi". Zinandiwawa kwambiri koma mwanayo sindimunena, pa masabata ochepa omwe amakhala nafe zomwe amaona ndi zomwezo, wodwala wabwera atamangidwa manja, akukuwa, achibale atopa naye. Tsiku lomwe munthu yemweyo akubwera ku kiliniki atatchena bwinobwino kudzapempha kalata yobwerera kuntchito ma student aja amakhala atachoka kalekale.

Chonsecho ntchito ndiye ilipo yosatha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 munthu mmodzi pa anthu 8 aliwonse padziko lapansi anali ndi vuto la maganizo, ndipo anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. M'maiko osauka dokotala wa psychiatry sapezeka ngakhale mmodzi pa anthu 100,000. Ndimawauza zonsezi, ndimawauzanso za mankhwala a lithium omwe dokotala John Cade anayamba kupatsa odwala ku Australia mu 1948, ndi chlorpromazine ku Paris mu 1952, momwe mankhwalawa anathandizira anthu omwe aliyense ankati atha ntchito kubwerera kwawo. Amalemba mu notsi, mayeso akatha zonse kuiwala.

Ndiye inu amene munasankha psychiatry chinakukopani ndi chani? Ndipo ma student muli pano nenani chilungamo, chimakuthawitsani ndi chani?

Yankho: Adokotala ine ndili chaka chomaliza ndipo psychiatry ndimaikonda koma ndimabisa. Amatigwetsa ulesi ndi akuluakulu athu omwe, pa ward round wina amanena poyera kuti amapita kumeneko ndi amene zinawakanika kwina, enanso amati ukakhalitsa ndi odwala misala nawenso mutu umazungulira. Ndiye iwe mwana uyankha chani pamenepo? Yambani mwalankhula ndi anzanuwo kaye.

Yankho: Ine ndine nesi, ndagwira nthawi yaitali mu wodi imeneyi. Ma student musamawayambitsire ku wodi ya odwalika kwambiri tsiku loyamba, amachita mantha ndipo manthawo sachoka. Ayambe ku kiliniki ya oyendera. Aliyense mumupatse wodwala mmodzi woti azimutsatira, amufunse yekha mbiri yonse, acheze ndi achibale, ndipo wodwalayo akamabwera ku review mumuimbire student uja abwere adzamuone ngakhale rotation inatha. Mayi amene samadya, samalankhula, samafuna nkomwe kumugwira mwana wake wakhanda, kudzamuona akuyamwitsa uku akuseka, palibe lecture ingapose pamenepo.

Yankho: Muziwatenganso mukaitanidwa ku mawodi ena. Aone agogo asokonezeka mutu pambuyo pa opaleshoni, kapena bambo akunjenjemera ndi kuona zinthu zoti palibe chifukwa wasiya mowa mwadzidzidzi, adziwe kuti udokotala wonse uja umafunikabe. Muwauzenso za Friendship Bench ya Dixon Chibanda ku Zimbabwe, dokotala wa psychiatry amene anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pa benchi. Achinyamata amakopeka akaona kuti pali malo oyambitsa chinthu chatsopano.

Wofunsa: Zikomo nonse. Asisita, ganizo lowaitana ku review ndalikonda zedi, ndiyamba ndi gulu likubwerali, bola wodwalayo avomere kaye. Inu a chaka chomaliza ndipezeni ku inbox tikambirane, musamabisenso. Koma za anzathu onyozawo ndiye mutu wandiima, alipo amene anayesapo kuwalankhula osayambana nawo? Munayamba bwanji?