R1200GS ya 2012 kapena ya 2014, ndigule iti yoyendera ulendo wa kumudzi?

Wofunsa

Akuluakulu a gulu lino, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndikufuna njinga yamoto yoyendera maulendo ataliatali, makamaka wopita ku Blantyre kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, kawiri pa chaka. Mayi akunyumba azikwera kumbuyo, katundu m'mabokosi atatu. Ndapeza ma BMW R1200GS awiri. Ina ndi ya 2012, yoziziritsa ndi mpweya ndi oyilo, yayenda makilomita 64,000. Ina ndi ya 2014, yoziziritsa ndi madzi, ili pa 47,000, koma mtengo wake ndi wokwererapo ndithu. Kusintha oyilo ndi mapulagi ndimatha ndekha, zoposa pamenepo ayi. Kodi ndalama zoonjezerazo zikugula chiyani kwenikweni? Nanga pa iliyonse ndiyang'ane pati?

Wa masipanala

Achimwene, dzina ndi limodzi koma mkati mwake ndi njinga ziwiri zosiyana. Ya 2012 ndi yomaliza pa mtundu wakale, ndipo pa zakalezo ndiyo yabwino: injini ya makamu (ma camshaft, zitsulo zotsegula ma valve) awiri pa silinda iliyonse inayamba mu 2010, imapereka 110 hp ndi 120 Nm. Mabuleki a servo (othandizidwa ndi pampu ya magetsi) amene ankavuta pa za 2004 mpaka 2006 kulibe pamenepa. Ya 2014 imapereka 125 hp ndi 125 Nm, ndi yolemera pafupifupi 238 kg pamene yakaleyo ili cha m'ma 229 kg. Thanki zonse ndi malita 20.

Chimene muyenera kuchimvetsa bwino ndi kilachi. Pa ya 2012 kilachi ndi youma, ya mbale imodzi ngati ya galimoto, ndipo imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi. Ikatha, njinga imagawidwa pakati: gudumu lakumbuyo, shafuti, giyabokosi, zonse zichoke, mchira wa njinga aukwezere m'mwamba. Mbaleyo siyodula kwambiri, chimene chimapweteka thumba ndi ntchito ya tsiku lonse. Pa ya 2014 kilachi imasamba mu oyilo ndipo ili kutsogolo kwa injini. Mukatsegula chivundikiro chakutsogolo mwaifikira, osagawa njinga.

Koma musathamangire kunena kuti yatsopano yapambana. Alternator (chopangira magetsi) ya 2012 ili pamwamba pa injini, imazungulira ndi lamba amene mumasintha pa 40,000 km, ndipo lamba wosungira amakwana m'thumba la jekete. Ya 2014 ili ndi stator, makoyilo opangira magetsi, mkati mwa injini chakumbuyo. Simafa kawirikawiri, koma ikapsa, injini yonse itsike.

Poyesa kilachi ya 2012 chitani izi: injini itenthe, lowani giya 6 pa liwiro la 80, kenako tsegulani mafuta onse nthawi imodzi. Injini ikakweza kulira koma liwiro osakwera nayo limodzi, mbale ikuterereka. Mukatero gonani pansi ndi tochi, muone pamene injini yakumana ndi giyabokosi. Pakakhala ponyowa ndi oyilo wakuda wosakanikirana ndi fumbi, silu ikudontha, ndipo oyilo ameneyo akafika pa mbale youma ndiye kuti yatha basi ngakhale ikhale yonenepa.

Woyenda njira ya Tete

Ine ndikuti yamadzi, chifukwa cha njira imene mwatchulayo. Injini ya 2012 ilibe fani. Imadalira mphepo ya pa ulendo, ndiye mukaima pa mzere wa pa boda injini ili chilirire, kapena mukamakwawa kumbuyo kwa mathiraki mu Tete mwezi wa Okutobala kukutentha kupitirira madigiri 40, mizere ya kutentha pa dashibodi imakwera mukuona. Mankhwala ake ndi kuzimitsa injini mukaima kupitirira mphindi ziwiri kapena zitatu. Kunyamuka ndi kuima kosalekeza muli awiri ndi katundu ndi kumenenso kumawotcha kilachi youma, mumayamba kumva fungo lake. Ya 2014 ili ndi maredieta awiri aang'ono ndi fani, ndipo kilachi yake imazizira ndi oyilo. Ngati ili ndi cruise control, yosunga liwiro yokha, dzanja lamanja lidzakuthokozani pa mtunda wa makilomita oposa 1,700.

Komabe 2014 ndi chaka chofuna maso. Za 2013 ndi 2014 zili ndi flywheel (chitsulo chozungulira chothandiza injini kuti isazime) yopepuka, sizichedwa kuzima ponyamuka pang'onopang'ono ndipo giya yoyamba imalowa ndi phokoso lalikulu. Kuyambira mtundu wa 2015 anailemeretsa. Mu 2017 anakonzanso za giyabokosi. Ngati thumba lingalole kudikira miyezi iwiri, sakani ya 2015 kupita m'tsogolo.

Zoyang'ana pa imene mwapezayo ndi izi. Mu 2017 BMW inaitanitsa njinga zopangidwa kuyambira Novembala 2013 mpaka Juni 2017 chifukwa mapaipi a foloko ankatha kulekana ndi kapu yake ya pamwamba njinga ikamenya dzenje mwamphamvu. Anaikapo timakolala tachitsulo. Kankhani labala ya pamwamba pa foloko muone ngati tilipo, ndipo pasakhale mpata. Ndi maenje a m'njira imeneyi, ichi sichosewera nacho. Chachiwiri ndi shafuti, imene imazunguza gudumu lakumbuyo m'malo mwa tcheni: madzi ankalowa mu swingarm, mkono wogwira gudumulo, n'kudyetsa dzimbiri, ndiye kampani inayamba kuikamo kavalavu kotulutsa madzi komanso kusintha shafuti ikafika 60,000 km. Pa 47,000 ndiye kuti nthawi yayandikira. Tengani nambala ya VIN, ya pa chasesi, mupite nayo kwa dila wa BMW, akuuzani zimene zinachitidwa ndi zimene zatsala. Onaninso pansi pa pampu ya madzi ngati pali zoyera zouma, ndipo dinani batani lililonse la pa chiwongolero kangapo, chifukwa maswitchi a zaka zoyambirirazi amakonda kufa.

Wofunsa

Zikomo akulu nonse awiri. Nanga za ma valve ndi sevisi, ndi iti imene munthu angaisamale pakhomo? Ndipo ikandifera ku Zobue, ndi iti imene makaniko wamba angaigwire?

Wa masipanala

Oyilo wa injini ndi 10,000 km pa zonse, malita 4 pamodzi ndi fyuluta. Yakale imamwa 20W-50 kapena 15W-50, amene amapezeka paliponse, ndipo popeza kilachi ndi youma simudandaula kuti oyilo aiwononga. Yamadzi imafuna 5W-40 wa JASO MA2, chifukwa injini, giyabokosi ndi kilachi zimagwiritsa oyilo mmodzi. Mukathiramo wa galimoto kilachi iyamba kuterereka. Nyamulani lita imodzi kuchokera ku Joni. Yakale imadyako oyilo pang'ono, choncho muziyang'ana pa kagalasi m'mawa uliwonse, njinga itaima pa sitandi ya pakati.

Ma valve: ya 2012 amayezedwa pa 10,000 km iliyonse, olowetsa 0.13 mpaka 0.23 mm, otulutsa 0.30 mpaka 0.40 mm, injini ili yozizira. Ya 2014 ndi pa 20,000 km, olowetsa 0.10 mpaka 0.17, otulutsa 0.34 mpaka 0.41. Zonse zimagwiritsa mashimu, tizitsulo tosinthira mpata umenewu. Za sikulu ndi nati, zimene munthu amakonza ndi sipanala pansi pa mtengo wa mango, zinathera mu 2009. Kuyeza nokha mungathe pa zonse ziwiri poti masilinda ali panja. Kusintha shimu ndi kosavuta pa ya 2012. Pa yamadzi makamu achoke ndipo pamafunika zida zoikira taimingi. Pogula, pemphani atsegule zivundikirozo muone makamu ngati alibe mikwingwirima.

Yakale ilinso ndi oyilo wa giyabokosi payekha, 75W-90, ndi mapulagi anayi, pamene yamadzi ili ndi awiri. Ikayamba kunjenjemera ndi kufooka pokwera phiri, kawirikawiri ndi koyilo ya pa pulagi imene yafa, ndipo imabisala chifukwa pulagi inzake ikuyakabe.

Za ku Zobue, ndisakunamizeni: zonse ziwiri zili ndi kompyuta, mawaya ake ndi a CAN-bus, onyamula mauthenga a kompyutayo, ndipo makaniko wozolowera njinga za kabaza asadule waya uliwonse. Gulani GS-911, kachida kowerengera zolakwika, kamene kamapangidwa ku South Africa komweko. Onetsetsani kuti mwagula kogwirizana ndi chaka cha njingayo. Pa ya 2012 nyamulani fuel pump controller yosungira, kachida kolamula pampu ya mafuta. Imakhala m'kadzenje pamwamba pa thanki chakumanzere, madzi amvula amadikha m'menemo n'kuipha, njinga imangozima ngati mafuta atha. Kusintha ndi masikulu awiri ndi mapulagi a waya, mphindi khumi.

Wa matayala

Ndionjezere zitatu zimene zatsala. Final drive, magiya a pa gudumu lakumbuyo pamene shafuti imathera, pa zonse: imikani pa sitandi ya pakati, gwirani tayala lakumbuyo pamwamba ndi pansi, gwedezani, kenako kumanzere ndi kumanja. Mukamva kugogoda, bering'i yatha. Zunguzani gudumu pang'onopang'ono mukumvetsera, lisakhale ndi mchenga m'mawu ake, ndipo pa disiki ya buleki pasakhale oyilo. Mumalowa 180 ml yokha ya 75W-90, yosintha pa 20,000 km. Musathire mopitirira, silu imaphulika. Mwini njinga akalephera kuonetsa pepala loti oyilo ameneyu anasinthidwapo, tsitsani mtengo kapena chokanipo.

Matayala: ya 2012 imavala 110/80 R19 ndi 150/70 R17, saizi imene njinga zambiri zamtunduwu zimavala, choncho mwayi wopeza lina mu Harare ulipo. Ya 2014 ndi 120/70 R19 ndi 170/60 R17, odula ndi osowa mukangodutsa Limpopo. Nyamukani ndi atsopano, mapulagi otsekera pankicha ndi pampu yaing'ono.

Ngati iliyonse ili ndi ESA, mashoko osinthira pa batani, yesani makonzedwe onse injini ikulira, mumve mchira ukukwera mukasankha anthu awiri ndi katundu. Shoko imeneyi pa 64,000 km imakhala itatopa, ndipo ndi mayi kumbuyo mudzaidziwa msanga. Ikani mtengo woikonza mu bajeti musanakambirane ndi wogulitsa.

Woyenda njira ya Tete

Pa mafuta, zonse zimafuna 95, ndipo malita 20 muli awiri ndi mabokosi musawawerengere kupitirira 300 km. Thirani ku Musina, Masvingo, Harare, kenako musadutse Tete thanki isanadzadze. Petulo wa ku Zimbabwe ndi wosakaniza ndi ethanol, amatha msanga, ndipo njinga isagone naye miyezi m'thanki. Achimwene, titumizireni zithunzi za buku la sevisi la zonse ziwiri, makamaka masamba a 40,000 ndi 60,000 pa ya 2012, ndi chithunzi cha pamwamba pa foloko ya 2014 labala itakankhidwa.